Kusiya ufulu woona makalata okuchitirani umboni pofunsira malo ku mayunivesite a ku America: mafunso ndi mayankho

Fomu ya Common App, fomu imodzi ya pa intaneti yofunsira malo ku mayunivesite ambiri a ku America, imatsegulidwa pa 1 Ogasiti chaka chilichonse, ndipo kuyambira pamenepo mpaka mu Januwale ophunzira ambiri amayenda bwinobwino mpaka atafika pa tsamba lolembedwa kuti "Recommenders and FERPA". Apa mpamene dzanja limaima. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ophunzira, makolo ndi aphunzitsi amafunsa mobwerezabwereza za tsamba limeneli komanso za mawu ena ofanana nawo amene amapezeka pa mafomu a ntchito ndi a ulendo.

Kodi mawu akuti "I waive my right to review all recommendations" akutanthauza chiyani kwenikweni?

Akutanthauza kuti mukuvomera, mwa kufuna kwanu, kuti simudzapempha yunivesite kuti ikuonetseni makalata amene aphunzitsi anu alemba pokuchitirani umboni. Lamulo la ku America limapatsa wophunzira ufulu woona zolembedwa zokhudza iye zimene sukulu yake ikusunga, ndipo makalata a umboni ali m'gulu lomwelo. Mukachonga mawu amenewa, mwachotsa makalatawo pa zinthu zimene mungadzaone. Mukachonga mzere winawo, woyamba ndi mawu akuti "I do not waive", ufuluwo mwausunga.

Pa tsamba lomwelo pali chinthu chinanso chimene anthu amachisokoneza ndi ichi. Ndi chilolezo chakuti sukulu zimene munaphunzirako zitumize zotsatira zanu ndi makalata ena ku mayunivesite amene mukufunsirako. Chilolezo chimenecho simungachilambalale, chifukwa popanda icho palibe chimene chingatumizidwe. Kusankha kwanu kuli pa makalata a umboni pokha.

Lamulo lake ndi liti, ndipo linabwera bwanji?

Dzina lake lonse ndi Family Educational Rights and Privacy Act, mwachidule FERPA. Pulezidenti Gerald Ford analisaina mu Ogasiti 1974. Ena amalitchabe Buckley Amendment potengera James Buckley, phungu wa New York m'nyumba ya Senate amene analibweretsa. Nthawi imeneyo sukulu zinkasunga mafayilo a ana okhala ndi ndemanga za aphunzitsi zimene kholo silinkaloledwa kuona, chonsecho anthu akunja ankatha kuziona. Lamuloli linatembenuza zimenezi: mwini fayilo aziona, wakunja asaone popanda chilolezo.

Litangoyamba kugwira ntchito, mayunivesite anadandaula. Aphunzitsi anali atalemba makalata ambirimbiri atalonjezedwa kuti ndi achinsinsi, ndiye mwadzidzidzi ophunzira akanatha kuwawerenga onse. Mu Disembala chaka chomwecho aphungu anakonza lamulolo. Makalata achinsinsi amene analowa m'mafayilo tsiku la 1 Januwale 1975 lisanafike anakhalabe achinsinsi, ndipo wophunzira anapatsidwa mwayi wosiya yekha ufulu woona makalata atsopano. Kabokosi kamene mukukayang'ana leroka kanachokera pa kukonzako.

Ine sindine nzika ya America. Lamuloli likundikhudza bwanji?

FERPA siyang'ana pasipoti. Imayang'ana sukulu. Yunivesite iliyonse imene imalandira ndalama kuchokera ku unduna wa zamaphunziro wa boma la America, ndipo pafupifupi onse amalandira, iyenera kutsatira lamuloli kwa wophunzira aliyense amene walowa pasukulupo, kaya wachokera ku Ohio kaya ku Dedza kapena ku Chipata. Sukulu yanu ya sekondale ya kwathu kuno siili pansi pa FERPA. Koma kalata imene aphunzitsi anu atumiza ikangolowa m'fayilo yanu ku yunivesite ya ku America, imakhala pansi pa lamulo la kumeneko.

Ndiye ndichonge chiyani?

Siyani ufuluwo. Alangizi ambiri a zamaphunziro amalangiza chomwecho, ndipo chifukwa chake n'chomveka.

Anthu amene amasankha ophunzira amawerenga mafomu ochuluka kwambiri, ndipo pafupifupi chilichonse m'fomumo ndi mawu a wofunsira mwini. Kalata ya aphunzitsi ndi malo amodzi okha amene munthu wina amalankhula za inu. Phindu lake lonse lagona poti wolembayo analankhula momasuka. Kwathu kuno banja likafuna kudziwa khalidwe la mnyamata amene akufunsira mwana wawo, silifunsa anthu iye ali pomwepo, chifukwa aliyense angangomutamanda. Wowerenga fomu yanu amaganizanso chimodzimodzi. Akaona kuti munakana kusiya ufuluwo, amatha kuchepetsa kulemera kwa matamando onse a m'kalatamo, ngakhale atakhala oona.

Chinanso n'chakuti aphunzitsi amene mwawasankha amaona chimene mwachonga. Ena amamva ngati simukuwakhulupirira, ndipo ena amakana kulemba. Mukaika zimenezi mbali imodzi, n'kuika mbali inayo kuchepa kwa zimene mungapindule pokana, monga yankho lotsatirali likusonyezera, nkhaniyi siivuta kuigamula.

Ndikakana kusiya ufuluwo, kodi ndiona makalatawo asanatumizidwe?

Ayi, ndipo apa mpamene anthu ambiri amaphonya. Ufulu wa FERPA umayamba kugwira ntchito munthu akalandiridwa n'kuyambadi maphunziro pa yunivesiteyo. Wofunsira chabe alibe ufulu umenewu. Mukafunsira ku mayunivesite 10, asanu ndi awiri n'kukukanani, atatu n'kukulandirani, inu n'kupita ku imodzi, mungapemphe kuona fayilo yanu ku imodzi yokhayo. Kumene anakukanani, komwe mtima umafunitsitsa kudziwa chimene chinalakwika, alibe udindo wokuonetsani kanthu.

Ngakhale kumene mwalowako, muyenera kulemba pempho, ndipo sukulu ili ndi masiku 45 oti ikuonetseni. Komanso lamulo silikakamiza yunivesite kusunga makalatawo mpaka kalekale. Limangoletsa kuwononga zolembedwa pamene pali pempho lakuti zionedwe. Mayunivesite ena amafafaniza makalata a umboni ntchito yosankha ikangotha. Choncho mukhoza kusunga ufulu wanu mosamala n'kudzapeza kuti choti muone kulibe.

Kodi yunivesite ingandikanize malo chifukwa chokana?

Lamulo silolola. Kusiya ufuluwu kumakhala kovomerezeka pokhapokha ngati sukulu sinakuumirizeni kutero kuti ikulandireni kapena kuti ikupatseni thandizo lililonse, ndiponso ngati mwalemba ndi kusaina nokha. N'chifukwa chake fomu imakupatsani mizere iwiri.

Koma lamulolo limamanga yunivesite, silimanga maganizo a munthu wowerenga, ndiponso silikakamiza mphunzitsi aliyense kukulemberani kalata.

Ndikuopa kuti aphunzitsi angalembe zoipa ine osadziwa. Ndidziteteze bwanji?

Mantha amenewa ndi enieni ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Alipo ophunzira amene anasemphanapo mawu ndi mphunzitsi, alipo atsikana amene ali ndi zifukwa zomveka zosakhulupirira mphunzitsi wina wake. Koma kabokosi ka pa fomu sikangakutetezeni, chifukwa monga tafotokozera pamwambapa, mukanadzaona kalatayo zonse zitatha kale. Chitetezo chili pa kusankha wolemba ndi pa kafunsidwe kanu.

Musangoti, "Aphunzitsi, mundilembereko kalata." Mphunzitsi wa kwathu sakana pempho lotere pamaso, amangoti chabwino. Funsani funso limene likuwapatsa khomo lotulukira: "Aphunzitsi, ndikufunsira malo ku America ndipo akufuna kalata yofotokoza za ine mwatsatanetsatane. Kodi mukuona kuti mumandidziwa mokwanira kuti mulembe kalata yamphamvu, kapena ndifunse ena?" Kenako yang'anani nkhope. Wina amaika choko pansi n'kunena kuti, "Iwe, bweretsa mapepala ako mawa tikhale pansi." Wina amayang'ana pawindo n'kunena kuti ntchito yawachulukira teremu ino. Wachiwiriyo wakuyankhani, thokozani n'kupita kwa wina.

Kunena zoona, kalata yoipa imachitika mwa apo ndi apo. Chimene chimagwetsa ophunzira athu ambiri ndi kalata yopanda kanthu. Tinazolowera testimoniyo ya mizere inayi, yodindidwa chidindo cha ahedi, yonena kuti mwanayu ndi waulemu, womvera ndi wolimbikira. Mawu amenewa angalembedwe za mwana aliyense m'kalasi, ndipo wowerenga wa ku yunivesite sapezamo chilichonse. Iye akufuna kumva kuti munafunsa funso lanji m'kalasi ya physics limene linawaimitsa aphunzitsi, kuti munkaphunzitsa anzanu masamu madzulo mayeso a MSCE atayandikira, kuti munakhoza bwino chonsecho munajomba teremu yathunthu chifukwa cha fizi. Mphunzitsi wa kalasi yodzaza sangakumbukire zonsezi payekha. Mulembereni pepala limodzi lokhala ndi zimene munachita m'phunziro lake, zimene mukufuna kukaphunzira ndi tsiku lomaliza kutumiza, ndipo mupatseni pakadali mwezi kapena kuposerapo. Mphunzitsi amene amakudziwani bwino aposa ahedi amene amangodziwa dzina lanu, ngakhale udindo wa ahediwo ndi waukulu.

Nditasiya ufuluwo, aphunzitsi andionetsa okha kalatayo. Talakwa?

Simunalakwe. Chimene munasiya ndi mphamvu yopempha kalatayo kwa yunivesite. Simunaletse wolemba kukuonetsani mwa kufuna kwake. Ena amaonetsa kuti wophunzira aone ngati masiku ndi mayina alembedwa molondola. Chosayenera ndi kuwaumiriza.

Aphunzitsi akuti ndilembe ndekha, iwo angosaina. Nditani?

Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi amanena mwa mtima wabwino, pofuna kukupeputsirani. Komabe n'zoopsa. Fomu ikunena kuti kalatayi ndi ya mphunzitsi ndipo inu mwasaina kuti simudzaiona. Mukailemba nokha, mwanamiza yunivesite, ndipo posaina fomu yonse munavomera kuti mukapezeka ndi bodza akhoza kukulandani malo ngakhale mutayamba kale maphunziro. Anthu owerenga mafomu saphonyanso kalembedwe. Kalata ikamamveka ngati nkhani imene munalemba nokha m'fomu yomweyo, amazindikira.

Yankhani mwaulemu kuti malamulo a fomu salola, ndipo perekani pepala la mfundo lija talitchula pa funso la kudziteteza. Ngati vuto ndi kompyuta kapena intaneti, athandizeni ndi bandulo kapena apezereni malo olembera, koma imelo yolandirira uthenga wa Common App ikhale yawo, ndipo atumize okha.

Nanga ndikasiya, ndimatsala ndi ufulu wanji?

Wambiri. Mukayamba maphunziro, mungapemphe mayina a anthu onse amene anakulemberani makalata, ndipo sukulu iyenera kukupatsani. Makalatawo ayenera kugwiritsidwa ntchito pa cholinga chokhacho chimene analembedwera. Zina zonse za m'fayilo yanu, monga zotsatira za mayeso ndi zolembedwa za mwambo, mukhoza kuziona, ndipo mukapezamo zolakwika mukhoza kupempha kuti zikonzedwe.

Mu Januwale 2015 ophunzira a pa Stanford University anakumbutsana za ufulu umenewu ndipo ambiri anapempha mafayilo awo. Anaonamo ndemanga zimene anthu osankha analemba powerenga mafomu awo. Amene anasiya ufulu woona makalata a umboni sanaone makalatawo, koma zinazo anaona. Nkhaniyi inafalikira ku mayunivesite ena, ndipo ena mwa iwo anasintha kasungidwe ka zolembedwa zotere.

Ndingasinthe maganizo nditasaina kale?

Pa Common App, chimene mwasankha chimagwira ntchito ku mayunivesite onse amene mukufunsirako kudzera pa fomuyo, ndipo kalata imodzi kapena fomu imodzi ikangotumizidwa simungasinthenso. Choncho ganizani musanaitane aphunzitsi. Lamulo lenilenilo limalola munthu kubweza mawu ake polemba kalata, koma kubwezako kumakhudza za m'tsogolo zokha. Makalata amene analembedwa pamene munali mutasiya ufuluwo amakhalabe otsekedwa.

Mwana wanga sanakwanitse zaka 18. Ndisaine ndine kholo?

Ayi. Pa nkhani ya makalata a umboni, lamulo limati asaine ndi wophunzira mwini, kaya ali ndi zaka zingati.

Makolo adziwenso chinthu china chimene chimawadabwitsa ambiri. Mwana akangolowa yunivesite, kapena akakwanitsa zaka 18, ufulu wonse wa FERPA umachoka kwa kholo n'kupita kwa iye. Mukhoza kugulitsa ng'ombe kuti mumulipirire ndege, koma mukalembera yunivesite kufunsa mmene wakhozera, kawirikawiri adzakuyankhani kuti sangakuuzeni popanda chilolezo chake. Mayunivesite ambiri ali ndi fomu ina imene wophunzira amasaina polola kholo kapena womulipirira kuona zotsatira ndi ngongole za fizi. Ena amaitchanso "FERPA waiver", koma ndi yosiyana ndi ya makalata a umboni. Iyi mwana akhoza kuibweza nthawi iliyonse. Kambiranani nkhaniyi asananyamuke.

Kodi "fee waiver" ndi chinthu chomwechi?

Ayi. Pamenepo wosiya ndi yunivesite: ikusiya ndalama imene mukanalipira potumiza fomu. Inu simukutaya kalikonse. Ngati kwanu ndalamayo ndi yovuta kupeza, pemphani mosachita manyazi. Nthawi zonse mukaona mawu akuti "waiver", yang'anani kuti wosiyayo ndani ndipo akusiya chiyani.

Nanga pofunsira digiri yachiwiri kapena ya udokotala wa maphunziro?

Lamulo ndi lomwelo, koma mayunivesite ambiri ali ndi mafomu awoawo, ndipo funsoli limabwera pa dzina la wolemba aliyense payekha. Malangizo sasintha, ndipo pa madigiri amenewa makalata amalemera kwambiri kuposa pa digiri yoyamba, chifukwa aphunzitsi a kumeneko akusankha munthu woti adzagwire naye ntchito ya kafukufuku kwa zaka zingapo.

Ku Britain nakonso amafunsa zimenezi?

Fomu ya UCAS, yofunsira malo ku mayunivesite a ku Britain, ilibe kabokosi kotere, chifukwa FERPA ndi lamulo la ku America lokha. Kumeneko nkhaniyi imayendera malamulo oteteza uthenga wa munthu, ndipo UCAS imachenjeza olemba makalata kuti wofunsira akhoza kupempha kuona zimene alemba.

Kodi mawu ena onse onena za kusiya ufulu ndi opepuka chonchi?

Ayi ndithu, ndipo pano mpofunika kusamala kwambiri. Kusiya ufulu woona makalata a umboni n'kopepuka chifukwa n'kochepa, kuli ndi malire olembedwa m'lamulo, ndipo mukhoza kukana. Ena amakhudza khomo la kukhoti.

Pa mafomu ofunsira ntchito ku America mumapezeka mawu akuti "binding arbitration". Mukasaina, mwavomera kuti mukadzasemphana ndi abwana, kaya pa malipiro kaya pa kusalidwa, nkhani yanu sidzapita kukhoti koma kwa mkhalapakati amene chigamulo chake n'chovuta kwambiri kuchitsutsa. Mu 2001, pa mlandu wa Circuit City Stores v. Adams, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti lamulo la 1925 la Federal Arbitration Act limagwira ntchito pa mapangano ambiri a ntchito. Mawu amene anayambitsa mlanduwo anali pa fomu yofunsira ntchito, munthuyo asanalembedwe n'komwe.

Abale athu amene anatenga pasipoti ya Britain ndipo amapita ku America ndi chilolezo cha ESTA, chokhala masiku osapitirira 90 popanda viza, amasainanso mawu olemera. Amavomera kuti wa zolowa ndi kutuluka akawakaniza kulowa sadzachita apilo, ndiponso kuti akafuna kuwabweza sadzatsutsa, kupatula ngati akupempha chitetezo ngati othawa kwawo. Apa palibe mzere wachiwiri. Wosafuna kusaina ayenera kukafunsira viza.

Ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain ndipo andipatsa pepala la "48-hour opt-out". Ndisaine?

Malamulo a 1998 a Working Time Regulations amati munthu asagwire ntchito maola opitirira 48 pa sabata, powerengera pakatikati pa masabata 17. Pepala limenelo likuti mukusiya chitetezo chimenechi kuti muzigwira maola ochuluka. Ambiri amasaina chifukwa akufuna mashifiti owonjezera kuti atumize ndalama kumudzi, ndipo ndi ufulu wawo. Koma dziwani kuti n'kosakakamiza. Abwana saloledwa kukuchotsani ntchito kapena kukuzunzani chifukwa chokana. Mukasaina mukhoza kubweza popereka chidziwitso cha masiku osachepera 7, kapena nthawi imene munagwirizana, yosapitirira miyezi itatu. Makampani ena amalowetsa pepalali pakati pa mulu wa mapepala a tsiku loyamba ngati kuti ndi mbali ya kontirakiti. Litulutseni, muliwerenge palokha, ndipo musunge chithunzi chake pafoni.

Yunivesite ikaphwanya FERPA, ndingaisumire?

Pa FERPA payokha, ayi. Mu 2002, pa mlandu wa Gonzaga University v. Doe, khoti lalikulu la America linagamula kuti wophunzira sangasumire sukulu kufuna chipukutamisozi potengera mbali ya lamuloli yoletsa kuulula zolembedwa. Njira imene ilipo ndi kudandaula ku ofesi ya Student Privacy Policy Office ya mu unduna wa zamaphunziro, pasanathe masiku 180 chichitikireni nkhaniyo kapena chidziwireni inu. Yambani ndi ofesi ya registrar pa yunivesite yanu, chifukwa ndi imene imasunga mafayilo ndipo nkhani zambiri zimathera pomwepo.

Wina akundithandiza kulemba fomu ndipo wati achonga yekha. Zili bwino?

Sizili bwino. Pa tsamba limenelo mumalemba dzina lanu ndi tsiku, ndipo dzina lolembedwa pa kompyutalo ndi siginecha yanu. Wina akakulemberani, mwamangidwa ndi mawu amene simunawawerenge, ndipo monga tanenera pa funso la kusintha maganizo, simungabwererenso kalata ikangotumizidwa. Samalani kwambiri ndi anthu olipiritsa amene amasunga pasiwedi ya akaunti yanu, n'kutsegula maimelo atsopano m'maina a aphunzitsi anu kuti atumize makalata olemba okha. Zikadziwika, wolandidwa malo ndi inu.

Thandizo lenileni lilipo ndipo ndi laulere. Alangizi a EducationUSA, amene amagwira ntchito pansi pa boma la America, amapezeka ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Harare. Pitani ndi fomu yanu yotsegula pa foni kapena pa kompyuta, muwasonyeze mzere umene sukumveka, ndipo akakufotokozerani muchonge ndi dzanja lanu.